Tsiku Limene Foni Inasiya Kupuma

1. Kukamwa kuli yasa

Dzina loti Kamphepo sanamupatse mwangozi. Mtsikanayu sankadziwa kukhala pansi. Ankadya choimirira, akamawerenga mwendo unkagwedera kunsi kwa tebulo, ndipo akatumidwa ankanyamuka asanamve chomwe watumidwa. Amayi ake, omwe anali telala wosokera panyumba, ankati mwanayu anabadwa mzamba asanasambe n'komwe m'manja.

Lolemba limenelo ndiye zinachita kunyanya. Kamphepo anali m'gulu la mtsutso la pasukulu pawo, ndipo Loweruka likudzalo ankayenera kupikisana ndi sukulu ina yakutali, aliyense ali kwawo, akuonana pa kompyuta. Madzulo ankayeserera ndi anzake. Atafika pachimake penipeni pa mfundo yake, chala chili m'mwamba, intaneti inangoti zii. Nkhope yake inauma pa makompyuta a anzake onse, diso lina litatsinzina, kukamwa kuli yasa.

Mmene intaneti inkabwerera n'kuti anzakewo atajambula kale nkhopeyo n'kuyamba kutumizirana. Wina anachita kulembapo kuti, "Wolankhula wathu wamkulu akudikira ntchentche."

Kamphepo anatuluka m'chipinda ngati walumidwa ndi mavu.

"Ine ndatopa nayo netiweki imeneyi! Loweruka ndichita manyazi pamaso pa sukulu ziwiri. Amayi, tisinthe!"

Amayi anali pa makina, mapini ali kukamwa. Anali ndi mayunifolomu makumi anayi oti akapereke Lachinayi. Analavulira mapiniwo m'dzanja.

"Sintha chomwe ukufuna, iwe ndiye wodziwa zamakono. Koma iyo usaikhudze."

Analoza ndi lumo lodulira nsalu pa katebulo ka pafupi ndi chitseko. Pamenepo panali foni ya m'nyumba, yakalekale, yooneka ngati mkaka. Chingwe chake chinkalowa kumbuyo kwa kabokosi ka intaneti, poti zonse ziwiri zinkayendera waya mmodzi. Kabokosiko kankakhala pansi, kuseri kwa kabati yachitsulo, katakwiririka ndi zidutswa za nsalu.

M'mawa uliwonse amayi ankapukuta foniyo, n'kunyamula chomvera n'kuchiika kukhutu. Akamva kulira kwake kuja kwa "tuuu", ankabwezera pansi n'kunena kuti, "Ikupuma." Akatero m'pamene ankayamba ntchito.

Chifukwa chake aliyense mumsewumo ankachidziwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mlongo wake wa Kamphepo, yemwe amayi ankangomutchula kuti Chisamba poti ndiye woyamba kubadwa, anasiya sukulu ya ukalipentala osauza munthu. Amayi atamva anapsa mtima n'kulankhula mawu amene ankawaluma mpaka tsopano: "Tuluka, ndipo usadzapondenso pano!" Mnyamatayo anatulukadi. Patangotha mwezi, foni ya m'manja ya amayi inabedwa m'basi, nambala n'kusintha. Choncho nambala imodzi yokha yomwe Chisamba ankaidziwa pamtima inali ya pakatebulo paja.

Anali ataimbapo katatu kokha, nthawi zonse pa foni yobwereka. Ulendo womaliza anati, "Ntchito ya kuno itha mu Juni. Ikatha ndidzaimba. Mukadzati ndibwere, ndidzabwera." Amayi asanatsegule pakamwa, foni inaduka. Miyezi isanu yathunthu anakhala atasunga liwu limodzi lokha pakhosi, loti "bwera".

Ndipo uwu unali mwezi wa Juni. Amayi sankapita ngakhale kumsika osasiya munthu pafupi ndi foni.

2. A Makwerero

Lachiwiri pochokera kusukulu, Kamphepo anaona ambulera yachikasu pamphambano. Inali ya kampani yatsopano ya intaneti. Anatsomphola pepala limodzi lolembedwa ndi malemba akuluakulu kuti LIWIRO LA MPHEZI, n'kuyamba kuthamangira kunyumba.

Sanafike. Pakhonde la nyumba yoyandikana ndi yawo panali a Makwerero, akukonza wailesi ya munthu. Mkuluyu anagwira ntchito yolumikiza mawaya a foni zaka makumi atatu, ndipo anthu anaiwala dzina lawo lenileni chifukwa nthawi zonse ankawaona ali pa makwerero. Tsopano anali atapuma, mawondo atatha, koma maso akadali akuthwa.

"Iwe Kamphepo, chachikasu chikupepeluka m'manjacho n'chiyani? Bwera nacho kuno."

Anavala magalasi, n'kuliyang'ana pepalalo kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Khala pansi, mdzukulu."

"Ndiima, agogo. Ndili pa changu."

"Munthu woimirira makutu ake amakhala kumapazi. Koma chabwino, imva ukuima choncho. Usanaimbe mlandu kampani, yamba waona m'nyumba mwanu. Pa nyumba khumi zomwe ankandiitana kuti intaneti ikuchedwa, zambiri vuto silinali pa polo ya mawaya ayi. Ndikalowa ndinkapeza kabokosi atakabisa kuseri kwa firiji, kapena atakatsekera m'kabati, ati kakuipitsa pabalaza. Kabokosi kaja kamafuna pamwamba, poyera, chapakati pa nyumba. Chitsulo ndi khoma lochindikala ndi adani ake. Kanu kali pati?"

"Kali bwinobwino," anayankha Kamphepo, akuyang'ana kumbali.

"Kakasunthe kaye, uyese masiku awiri. Zikakanika, sinthani, si ukwati uwu. Koma posintha pamafunika mafunso, ndipo mafunso ake si a pa pepala lokongolali. Liwiro alembali ndi la tsiku labwino, msewu wonse uli kuntchito. Iwe ukawafunse lomwe limafika panyumba madzulo, aliyense atayatsa zake. Ukawafunse ngati waya wawo wadutsadi mbali yathu ino ya msewu, chifukwa ena amasainitsa anthu kenako n'kumati dikirani tikumbe. Pangano ndi la miyezi ingati? Mtengo wokoma wa poyambawu utha liti? Nanga mukafuna kutuluka pakati pa njira zikhala bwanji? Ndipo anthu amenewa amabwera ndi choboolera khoma. Nyumbayo ndi ya lendi. Mwini wake wavomera?"

Mwendo wa Kamphepo unali utayamba kale kugwedera. A Makwerero anauona, koma sanafulumire.

"Tsopano chachikulu ndi ichi, tchera khutu. Waya wakale ali ngati chingwe choyanikira zovala. Usanachimasule, umayamba waona zomwe zayanikidwapo. Ena anayanikapo adiresi ya imelo yomwe anapatsidwa ndi kampani yakale. Ena belu lochenjeza za akuba. Inu munayanikapo foni ya mayi ako. Nambala siyenda yokha, mdzukulu. Imachita kupemphedwa pa fomu, kwakale musanatseke, ndipo imatenga masiku kuti isamuke. Mukatseka musanaisamutse, imagwera m'dzenje. Kuivuula ndi ntchito yaikulu, ndipo nthawi zina siipezekanso. Ine ndaonapo abambo a ndevu zawo akulira pa kauntala chifukwa cha nambala. Wandimva?"

"Zonsezo ndikuzidziwa, agogo."

"Ehe! Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."

Mwambiwo unamupeza Kamphepo ali kale pa geti.

3. Kabokosi ka pa fomu

Tinene zoona, mtsikanayu malangizo ena anawatsatira. Anatsatira onse amene sankamuchedwetsa. Anathamangira kwa mwini nyumba, ndipo mwini nyumba anati abowole, bola bowo likhale laling'ono. Zosuntha kabokosi n'kudikira masiku awiri anaziponya kutali. Masiku awiri awatenga kuti?

Anabwereranso pa ambulera paja. Panali mayi wa chipewa chachikasu, wakumwetulira, mafomu ali mulu patsogolo pake. Kamphepo anamuthira mafunso motsatizana ngati akuwerenga ndakatulo yoloweza. Mayiyo anayankha onse mosabisa. Waya unali utadutsa kale mbali yawo. Liwiro la madzulo analilemba kuseri kwa pepala. Pangano linali la chaka chimodzi.

"Ndiwe wochenjera, mwana wanga. Akuluakulu ambiri amangosaina," anatero mayiyo akudzaza fomu. Kenako cholembera chinaima pa kabokosi kena kakang'ono ka pa fomupo. "Muli ndi foni ya m'nyumba? Ngati mukufuna kusamuka ndi nambala yanu, tichonge apa. Zimatenga masiku khumi a ntchito, ndipo mmisiri amabwera zimenezo zikatheka."

Kamphepo anawerenga pa zala. Zala zinadutsa Loweruka n'kupitirira.

"Nanga popanda nambala?"

"Lachinayi lomweli. Tikangolumikiza kwathu, timauza kampani yakale kuti itseke tsiku lomwelo."

"Nambalayo ndingadzaipemphe pambuyo pake?"

Mayiyo anakweza mapewa. "Ena amayesa. Koma ine sindingakulonjeze. Alipo amene amaigwiritsa ntchito?"

Nthawi yomweyo foni ya Kamphepo inanjenjemera m'thumba. Chinali chithunzi chija, chabweranso. Ulendo uno wina anali atajambulapo ntchentche yeniyeni, ikulowa m'kamwa. Manyazi ndi mkwiyo zinamukwera mpaka m'makutu. Juni ali ndi masiku makumi atatu, anadziuza. Achimwene mwina adzaimba kumapeto. Mpikisano ukatha adzathamanga n'kukonza zonse, palibe adzadziwe.

"Palibe," anatero. "Imangokhala."

Kabokosi kaja kanatsala kosachongedwa.

Fomu inkafuna siginecha ya amayi. Kamphepo anawapeza akulumikiza kolala, maso ali pa singano. Anayala pepalalo pa makina, chala chake chachikulu chitaphimba kabokosi kaja.

"Foni ikhalapo?" anafunsa amayi, cholembera chili m'manja.

"Ikhalapo, amayi."

Linali bodza, ndipo iye ankadziwa kuti ndi bodza. Amayi anasaina osawerenga, chifukwa mwanayu anali asanawanamizepo.

4. Lachinayi

Lachinayi masana, Kamphepo atangofika kuchokera kusukulu, amayi anasenza thumba la mayunifolomu. Ali pakhomo anacheuka.

"Usachoke pafupi ndi foni. Akaimba, usayambe zofunsa kuti muli kuti, mukudya chiyani. Ungomuuza kuti amayi akuti bwera. Limenelo kaye, zina pambuyo."

"Chabwino, amayi."

Posakhalitsa anafika mmisiri wa kampani yatsopano, bambo wamfupi wokonda kuimba mluzu. Anabowola khoma, fumbi n'kuti kobo pabalaza ponse. Analowetsa waya wowonda, n'kupachika kabokosi katsopano pamwamba, pakhoma la pakati. Kenako anafunsa komwe kunali kakale. Kamphepo anakankha kabati yachitsulo ija n'kuyamba kufukula zidutswa za nsalu.

Mmisiriyo anasiya mluzu n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Kanali kuno? Pansi, kuseri kwa chitsulo, katafunda nsanza? Mayo ine! Ndipo kanayesetsa. Mukanangokakweza pa shelefu apo, mwina simukanatifuna n'komwe. Koma musakawauze abwana anga kuti ndanena zimenezi."

Kamphepo anaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Mmisiri anazula zingwe zonse ku kabokosi kakale. Chomaliza chinali cha foni. Anachikweza m'mwamba ngati mchira wa khoswe.

"Nanga ichi? Pa pepala langa palibe foni."

"Ingochisiyani."

Itakwana 3 koloko, magetsi a kabokosi katsopano anayaka obiriwira. Mmisiri anaimbira kuofesi kwawo kuti ntchito yatheka, atseke kwakale. Anasesa fumbi lake n'kumapita.

Koma liwiro lake! Apa mayi wa chipewa uja sananame. Kamphepo anaitana anzake a mtsutso nthawi yomweyo. Analankhula mphindi zisanu zathunthu osauma nkhope ngakhale kamodzi. Anzake anaomba m'manja, ndipo uja wojambula ntchentche anati, "Loweruka tiwatafuna amenewo." Kwa ola limodzi Kamphepo anali munthu wokondwa kwambiri mumsewu monsemo.

Atatseka kompyuta, maso ake anagwera pa katebulo. Anatenga chingwe cha foni n'kuchikankhira kuseri kwa kabati, kuti chizioneka ngati chalowa penapake.

Amayi anafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa.

"Waimba munthu?"

"Sinalire, amayi."

Chakudya chamadzulo Kamphepo anangochitembenuzatembenuza m'mbale. Anadzuka kukamwa madzi, anabwerera, anadzukanso kukatseka zenera lotseka kale. Amayi anamuyang'ana n'kupukusa mutu, poganiza kuti ndi mantha a mpikisano.

5. Zii

Lachisanu m'mawa Kamphepo ankamanga zingwe za nsapato pamene amayi anatenga kansalu kopukutira. Anafuna kuthawa, koma miyendo yomwe sinkadziwa kuima ija inakana kuyenda.

Amayi anapukuta foni. Ananyamula chomvera. Anachiika kukhutu.

Anachichotsa, anachiyang'ana, anachibwezeranso kukhutu. Anadina kabatani kawiri, katatu. Kenako anawerama n'kuyamba kutsata chingwe ndi dzanja, pang'onopang'ono, monga amatsatira msoko pofuna pomwe wasomboka. Chingwe chinabwera chonse m'manja mwawo, kumapeto kwake kulibe kanthu.

"Yasiya liti kupuma?"

"Dzulo, 3 koloko."

"Ndipo iwe unkadziwa."

Kamphepo anaulula zonse, za masiku khumi, za kabokosi ka pa fomu, za chala chachikulu chija. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukalipiridwa kukanamupepukira. Koma amayi anangokhala pa mpando wa makina, chingwe chili pamiyendo.

"Ndinalankhulapo kamodzi ndili wokwiya, n'kutaya mwana. Lero sindikuwa, ngakhale mtima wanga ukuwawa kuposa tsiku lija. Koma undimve bwino. Intaneti ndinakulola kusintha. Ukanabwera n'kundiuza kuti amayi, pali masiku khumi apa, ndipo ine ndili ndi mpikisano Loweruka, tikanakhala pansi n'kuganiza. Kwa aphunzitsi ako kuli intaneti. Kwa azakhali ako kuli intaneti. Ndikanakuperekeza ndekha. Njira zinalipo zambirimbiri, koma iwe unasankha yophimba pepala ndi chala. Unaona kuti manyazi ako a tsiku limodzi ndi olemera kuposa zaka ziwiri zanga. Ine ndinasaina osawerenga chifukwa ndinkati maso ako ndi maso anga. Tsopano ndiziwerenga chilichonse chomwe wandipatsa, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa foniyi."

Kamphepo analira. Analira mokweza, ngati mwana wamng'ono, mpaka a Makwerero anatulukira pa mpanda ndi ndodo yawo.

Atamva nkhani yonse, mkuluyu sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Mayi, tengani chiphaso chanu. Madzi akatayika saoleka, koma tiyeni tikaone ngati atayika onse."

Tsiku limenelo Kamphepo sanapite kusukulu.

6. Pa kauntala

Ku ofesi ya kampani yakale kunali mzere wokhota kawiri. Kamphepo anayenda kuchoka pakhomo kufika pa zenera, kubwerera, kupitanso, mpaka mlonda anamufunsa ngati akufuna chimbudzi. Anafika pa kauntala cha m'ma 11 koloko.

Kalaliki anali mayi wa magalasi, yemwe anawazindikira a Makwerero n'kuwapatsa moni waulemu. Anayang'ana chiphaso cha amayi, n'kulemba nambala ija pa kompyuta.

"Inatsekedwa dzulo. Sinaperekedwe kwa munthu wina, pamenepo mwachita mwayi. Mungathe kulemba kalata yopempha kuti ibwezedwe, koma zimatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo sindingalonjeze."

"Pakadali pano munthu akaimba akumva chiyani?" anafunsa amayi.

"Akumva kuti nambala mwaimbayi kulibe."

Amayi anagwira m'mphepete mwa kauntala. A Makwerero anasendera pafupi.

"Mwana wanga, taona ngati pali amene anayesa kuimba chitsekereni. Eni nambala ndi awa, ali pompano."

Kalaliki anadinadina, n'kuyang'anitsitsa.

"Alipo. Katatu, dzulo lomwelo. Koyamba 3:40, kenako 4:15, komaliza 5:30. Nambala yake ndi imodzi."

Pa 3:40 Kamphepo anali pa kompyuta, anzake akumuombera m'manja, foni ili phee kumbuyo kwake.

Kalaliki analemba nambalayo pa kapepala. Onse atatu anatuluka panja, pa masitepe. Kamphepo ndiye anadina manambala pa foni ya m'manja ya amayi. Inaitana kamodzi, kawiri. Itangoyankhidwa, amayi anailanda.

"Bwera! Mwana wanga, bwera, ndine mayi ako, bwera kunyumba!"

Mbali inayo kunali phokoso la mabasi ndi anthu oitanira. Kenako panamveka mawu a mzimayi.

"Pepani mayi, si iyeyo. Ine ndimagulitsa zakumwa pa depoti yaikulu ya mabasi kuno. Ndinu amayi ake a mnyamata wamtali uja, wa bokosi la zipangizo za ukalipentala?"

Kamphepo anadina kuti mawu amveke kwa onse.

"Ndi achimwene anga. Ali pomwepo?"

"Anali pano dzulo, koma lero sindinamuone. Anafika masana, wosangalala, n'kundifunsa nthawi ya basi yopita cha kwanuko. Anati ayambe waimba kaye, amve ngati akuloledwa. Ndinamubwereka foni. Koyamba anati mwina ndalakwitsa nambala. Kachiwiri anati mwina ndi netiweki. Kachitatu anangokhala pa bokosi lake lija, nthawi yaitali. Ndinamufunsa kuti bwanji achimwene. Anati, 'Nambala imeneyi yakhala m'nyumba mwathu chibadwire changa. Asintha mwezi womwe ndinati ndidzaimba. Yankho langa ndi limenelo.'"

Amayi anakhala pansi pa sitepe, pa fumbi pomwepo, atagwira pakamwa.

"Ndiye wapita kuti?" anafunsa a Makwerero.

"Anandifunsa komwe amalembera anthu a ntchito yomanga msewu. Kuli malole amene amatenga amisiri kupita nawo kutali, kutchire, amakakhala chaka osabwera. Amanyamuka mawa Loweruka, 12 koloko masana, kuseri kwa depoti."

"Chonde mayi, mukamuona mumuuze kuti..."

"Mwana wanga, ndikanakonda. Koma mawa ndikaika maliro a mlamu wanga, sindikhala kuno. Ndipo kumeneko kumakhala anthu mazanamazana, aliyense ndi katundu wake. Pamafunika munthu wodziwa nkhope yake, wa miyendo yopepuka."

Foni inaduka.

7. Mpando

Atafika kunyumba, amayi analowa kuchipinda n'kuyamba kutulutsa chikwama chaulendo. Kamphepo anawaona akupukuta magalasi awo osokera, omwe ankaona bwino diso la singano koma osazindikira nkhope ya munthu ali tsidya lina la msewu. Anaona ndi mapazi aja, otupa chitupire kuyambira dzulo.

Pakhoma, kabokosi katsopano kanali ngwee ndi magetsi ake obiriwira. Foni ya Kamphepo inanjenjemera. Anali mtsogoleri wa gulu la mtsutso: "Lero sunabwere bwanji? Mawa 10 koloko ndendende. Iwe ndiye wotsegulira, usatigwetse."

Uthengawo unafika mwamsanga kwambiri, ndi chithunzi cha chikho chomwe akalimbirane, chooneka bwino mpaka timalemba ta pansi pake. Kamphepo anauwerenga kawiri. Kenako analemba kuti, "Mawa sindikhalapo. Atsegulire wina. Chifukwa chake ndidzakufotokozerani, ndipo cholakwa ndi changa." Anatumiza asanasinthe maganizo, n'kusiya foniyo pa katebulo, pambali pa inzake yakufa ija.

Anatuluka. A Makwerero anali atabwerera pakhonde pawo, akusisita mawondo.

"Agogo, inu mwayenda kwambiri. Basi yoyamba yopita ku depoti imeneyo imanyamuka nthawi yanji? Nanga tikafika, kuseri kwakeko timadzera kuti? Ndiuzeni zonse."

Mkuluyu anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zonse? N'zambiri, mdzukulu. Khala pansi."

Kamphepo anakoka mpando n'kukhala. Anaika manja pa mawondo.

"Za lero zapita kale. Yoyamba imanyamuka 6 koloko m'mawa," anayamba a Makwerero. "Ikapanda kuima kwambiri panjira, imafika hafu pasiti leveni. Depoti imeneyo ili ndi zipata zinayi, ndipo malole aja sadikira munthu. Mukhala ndi theka la ola basi. Tsopano tenga pepala ndi cholembera, ndikujambulire chipata chomwe ukathamangire."